Waganyu wa ku Mokhotlong

Lamulungu limandipeza pa wailesi.
Mabatire ndimawafunditsa m'khwapa
kuti abusa a ku Maseru amalize ulaliki
mawu asanazilale.

Lero anena za ine.
Akuti waganyu akaona chilombo amaliyatsa liwiro
poti nkhosa si zake.
Mpingo wavomera ameni.
Ine ndayang'ana jombo yanga yobooka kuchala,
galu wanga Sefako wayasamula.

Sananame, si zanga.
Zonse mazana awiri ndi zisanu ndi ziwiri
n'za Ntate Ralebitso,
amene amakwera kuno pa hatchi mwezi ukatha
ndi thumba la ufa, mchere, kafodya.
Amawerenga ndi nsonga ya mkwapulo, osatsika.
Zikakwana amatembenuza hatchi.
Malipiro anga ndi nkhosa imodzi pamwezi,
yosankha iwo.

Kunyumba kwa amayi kuli kalendala yakale
imene anakana kuichotsa chaka chitatha.
Pamenepo mbusa wavala mkanjo woyera ngati mkaka,
kamwana ka nkhosa kali phee pamapewa
ngati kakudziwa kuti akukajambula.
Amene anajambulayo sanasenzepo nkhosa.

Ine ndinasenza, mu Julaye,
usiku umene chipale chinakwirira njira zonse.
Inasowa ya khutu long'ambika,
ija imatsokomola ngati nkhalamba ya kumigodi.
Zinzake sindinangozisiya:
ndinayamba ndaunjika miyala pakhomo la khola,
Sefako n'kumuuza akhale.
Ndinaipeza kuphompho, mwendo uli m'mng'alu,
nkhandwe ziwiri zitakhala poteropo ngati odikira maliro.
Nkhosa yonyowa imalemera ngati thumba la simenti.
Imaponda m'nthiti.
Inandikodzera m'khosi,
ndipo ndinathokoza, poti mkodzowo unali wofunda.
Sindinaimbe nyimbo m'njira. Ndinaitukwana mpaka kukhola.
Kulibe anansi oti n'kuwaitana kuphwando kuno,
mnansi wanga ali kuseri kwa mapiri awiri.
Mwezi utatha Ntate anawerenga, zinakwana,
anatembenuza hatchi.

Koma ndisadziyeretse.
Ndinathawapo.
Chaka chatha, anthu asanu, mfuti ziwiri,
nkhope zokutidwa ndi zipewa zaubweya ngati changa chomwechi.
Ndinagona m'phanga, bulangete kukamwa,
ndikumva mabelu a nkhosa akutsetsereka, akuchepa,
mpaka zii.
Makumi atatu ndi imodzi.
Ndikulipirabe.
Ndiye abusa akamati waganyu amathawa
ndilibe pogwira kuti ndiwatsutse.
Ndingofuna ndiwafunse
ngati anayamba amvapo chitsulo cha mfuti
chikukhetemuka mumdima,
iwo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndi chibonga.

Amati Inu simunathawe.
Amatinso munali mbusa ndi mwanawankhosa nthawi imodzi,
wogwira ndodo, wogonekedwanso pansi pa mpeni.
Zimenezo ndimazimva pang'ono.
Nanenso ndimanunkha ngati izo,
ndikatsikira kusitolo atsikana amasuntha pabenchi.
Madzi timamwa amodzi.
Chisanu chikabwera sichifunsa wamiyendo iwiri ndani.

Nkhosa zimadziwa likhweru langa.
Wina aliyense aimbe, sizidzutsa mutu.
Ndili nazo mayina: Wamwano, Mchira, Mlongo wa Mchira,
ina ndinaitcha dzina la aphunzitsi amene anandibweza
chifukwa cha yunifolomu.
Koma langa palibe walitchula chichokere Epulo.
Ntate amati "mnyamata".
Nthawi zina ndimalinena ndekha kuthanthwe,
Mosiuoa,
thanthwe n'kundibwezera theka.

Ngati madzulo mumaimadi pakhomo la khola
n'kumawerenga,
muziyang'anako kuno kumtunda.
Sindikuti mundisenze. Ndine wolemera, ndipo ndimaponda.
Mungoona kuti chiwerengero chaperewera.

Mabatire atha abusa asanadalitse.
Kunja mphepo yatembenuka, ikuchokera kumwera.
Ya khutu long'ambika ili ndi bere,
ikuzungulirazungulira, ikukanda pansi.
Ikhala ya usiku uno.
Ndasunga parafini wokwana.